Kabokosi ka 12V kopatsa mota rivesi pa makina omangira ndodo zowedzera: kamagwira ntchito, koma swichi yake ndi yofooka

Anthu ambiri amene amamanga kapena kukonza ndodo zowedzera kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo amagwiritsa ntchito makina odzipangira okha. Kaya ndodoyo ndi ya nsungwi yokawedzera milamba mu Ruo ndi mu Thuchila, kaya ndi ya fibreglass imene yathothoka timphete todutsamo chingwe, makina ake amakhala omwewo: thabwa lalitali, timatabwa tiwiri kapena titatu tosemedwa mphanda kuti ndodo igonepo, ndi mota kumapeto. Dandaulo la ambiri ndi lakuti motayo imazungulira mbali imodzi yokha, ndipo nthawi zina mbali yake imakhala yolakwika.

Kabokosi kamene tikuunika pano kanapangidwira vuto limeneli. Kalibe dzina la kampani. Ndi kabolodi kakang'ono kochokera ku China, ndipo pa AliExpress kamagulitsidwa ndi mawu akuti DC 6V-28V 3A PWM. Kali ndi malo anayi omangira mawaya ndi timasikuluwu: awiri ndi olowera magetsi, olembedwa + ndi -, awiri enawo ndi opita ku mota. Pakati pali transistor yokhala ndi kachitsulo koziziritsira. Pambali pali voliyumu yopotokola yoonjezera kapena kuchepetsa liwiro, ndiponso swichi yodina ya malo atatu, I, O ndi II, yolendewera pa mawaya ake. Fyuzi palibe, chotchingira palibe, ndipo ambiri amabwera opanda pepala la malangizo.

Maganizo athu ndi awa. Ngati mota yanu ndi yaing'ono ya 12V ya magiya, kaguleni, ndipo musinthe swichi. Ngati ndi mota ya wayipa ya galimoto, kamachepa mphamvu. Ngati ndi mota ya makina osokera kapena ya mu microwave, musakayandikize n'komwe, chifukwa mamota amenewo amayendera magetsi a m'nyumba a 230V ndipo kabokosika kadzaphulika.

Rivesi imafunika pati

Pomanga kamphete, ulusi umachokera pa sipulu, n'kudutsa pa chokhwimitsira, n'kumazengerezeka pa ndodo mzere uliwonse utagundana ndi unzake. Ukangokwera pamwamba pa unzake kapena kusiya mpata, muyenera kubweza mizere itatu kapena inayi. Mota ya magiya siibwezeka mosavuta ndi dzanja. Mukaikakamiza, mwina ndodo imaterereka mu chogwirira ndipo timphete timasokonekera mzere, mwina dzino la giya limathyoka. Apa ndi pamene rivesi ya pang'onopang'ono imathandiza kwambiri, bola dzanja lina likhale likukokabe ulusi kuti usalefuke.

Amanzere nawo amaifuna, chifukwa ambiri amakhazika mota kudzanja lina, ndipo mota ikatembenuzidwa malo ndodo imayamba kuzungulira mosiyana. Koma pali chinthu chimodzi chimene ena amachisokoneza. Kamphete ka miyendo iwiri kamamangidwa mwendo wina kuchokera kumanzere kupita kumanja, winawo kuchokera kumanja kupita kumanzere, nthawi zonse ulusi ukuchoka pa ndodo n'kumakwera pa mwendo. Zimenezi sizifuna rivesi. Ndodo imazungulirabe mbali yomweyo, chimene chimasintha ndi kumene mukutsogolera ulusi.

Yambani mwadziwa mota yanu

Mota ya DC ya maginito imakhala ndi mawaya awiri. Igunditseni ku batire, muone kumene ikuzungulira, kenako musinthanitse mawayawo. Ikatembenuka, ndiye kuti kabokosika kagwira. Mamota a magiya a mtundu wa JGB37-520, a shafiti ya mamilimita 6 yosemedwa mbali imodzi, ndi amene amayenderana nako bwino. Amagulitsidwa pa maliwiro osiyanasiyana, ndipo pomanga ulusi ya 100 mpaka 200 rpm (yozungulira ka 100 mpaka 200 pa mphindi) imakwanira.

Mota ya makina osokera ndi nkhani ina. Atelala ambiri ali nayo, imabwera ndi chopondera chake, ndipo n'chifukwa chake omanga ndodo amaikonda: manja onse awiri amakhala pa ulusi, phazi lili pa liwiro. Koma kusinthanitsa mawaya a ku pulagi sikusintha kanthu. M'kati mwake mulibe maginito enieni. Muli makoyilo a m'mbali amene alumikizidwa mzere umodzi ndi amecha (gawo lozungulira la m'kati mwa mota) kudzera pa mabulashi a kaboni, choncho mukatembenuza magetsi olowa, zonse ziwiri zimatembenuka pamodzi ndipo shafiti imapitabe komwe inkapita. Kuti itembenuke muyenera kutsegula mota, n'kusinthanitsa mawaya awiri opita ku mabulashi okha, makoyilo a m'mbali osawakhudza. Ngati mukufuna kuti izipita uku ndi uku, mawaya awiri a mabulashi ndi awiri ochokera ku makoyilo amatulutsidwa panja n'kumangidwa pa swichi ya mapini 6 yolembedwa 250V AC, yotsekeredwa m'bokosi la pulasitiki. Ntchito imeneyi ndi ya munthu wodziwa zamagetsi, pulagi itazulidwa. Dziwaninso kuti mamota ena osokera mabulashi ake anakhazikidwa mopendekera mbali imene mota imayenera kuzungulira, ndiye pa rivesi amathetheka moto, amatentha ndipo makaboni amatha msanga. Ngati chimene mukufuna n'kungosintha mbali kamodzi kokha, musatsegule mota. Itembenuzeni kuti shafiti iyang'ane kwina, kapena pingasani lamba wozungulira kuti apange 8. Lamba wopingasa amadyeka pamene akukhudzana, choncho mapule asakhale pafupi kwambiri.

Kamota kozunguza mbale mu microwave n'kabwino poumitsa epoxy (guluu wopaka pa ulusi womangira timphete) basi. Ambiri amalembedwa 220-240V, 4W, 5/6 rpm, ndipo pa magetsi athu a 50Hz amazungulira kasanu pa mphindi. Pakalembedwa CW/CCW, ndiye kuti kamadzisankhira mbali nthawi iliyonse kakayatsidwa, ndipo kakakumana ndi cholemera kamatha kubwerera kokha. Palibe swichi imene ingakalamule. Mumangozimitsa n'kuyatsanso, kapena kukankha ndodo pang'ono ndi chala poyatsa. Werengani chizindikiro chake musanakalumikize, chifukwa ena ndi a 21V kapena 30V ndipo amapsa nthawi yomweyo pa 230V. Pochotsa kamotaka musakhudze kapasita yaikulu ya mu microwave. Imasunga magetsi okwana pafupifupi 2000V ngakhale pulagi itazulidwa, ndipo imapha.

Mota ya wayipa ndi imene imapezeka mosavuta kwa ogulitsa masipeya akale, ndipo ndi ya DC, choncho imatembenuka. Koma ili ndi misampha itatu. Woyamba, pa mamota ambiri negetivu inalumikizidwa ku thupi la mota. Mukapereka rivesi, thupi lonse limasanduka pozitivu, ndipo likagunda chitsulo chilichonse chimene chafika ku negetivu ya batire, mawaya amapsa. Ikhazikeni pa thabwa, mabawuti ake asakhudze chitsulo china. Wachiwiri, ili ndi mabulashi atatu: la onse, la liwiro lochepa ndi la liwiro lalikulu. La liwiro lalikulu linaikidwa mopendekera, ndiye pa rivesi siliyenda bwino. Gwiritsani ntchito la liwiro lochepa, limene pa mamota olembedwa manambala ndi 53, negetivu ndi 31. Mawaya otsalawo ndi wa liwiro lalikulu ndi a kaswichi koimitsira wayipa pamalo pake, ndipo muwakulunge ndi tepi aliyense payekha. Wachitatu ndi mphamvu. Ikuyenda yopanda katundu imakoka ma amp awiri kapena kuposerapo, ndipo poyamba kuzungulira kapena ikagwidwa imakoka oposa 10. Kabokosi ka 3A sikangapirire zimenezo. Pa wayipa gulani kakulu ka 10-55V 40A, ndipo muike fyuzi ya 10A.

Kalumikizidwe, ndi zimene zimaotcha kabokosika

Kuchokera ku batire kapena ku adaputa ya 12V, waya wofiira adutse pa fyuzi ya 3A asanafike pa +, wakuda apite pa -. Onetsetsani kawiri musanayatse. Ambiri mwa timabolodi timeneti tilibe chitetezo mukasinthanitsa pozitivu ndi negetivu polowera, ndipo kapasita yake imafufuma kapena kuphulika m'kanthawi kochepa. Pa chifukwa chomwechi, swichi ya rivesi siikidwa pakati pa batire ndi kabokosi. Malo ake ndi pakati pa kabokosi ndi mota, nthawi zonse.

Pa liwiro kamachita bwino. PWM, njira imene kabokosika kamasinthira liwiro, siichepetsa mavoti ayi. Imadula ndi kulumikiza magetsi mofulumira kwambiri, ndipo voliyumu imangosintha kutalika kwa nthawi imene magetsi ali olumikizidwa. N'chifukwa chake mota imakhalabe ndi mphamvu ngakhale ikuyenda pang'onopang'ono, ndipo kabokosi sikatentha monga imachitira resistor. Ndi mota yaing'ono ya magiya, kachitsulo koziziritsira kamangofunda pang'ono ngakhale patapita maola. Malire ake ali pansi penipeni: mukatsitsa voliyumu kufika cha pa gawo limodzi mwa magawo asanu kapena kutsikirapo, mota imayamba kulira osazungulira, kapena kuyenda modumphadumpha. Tanthauzo lake n'lakuti mota ya 200 rpm simungaidalire kuti iziyenda ka 8 pa mphindi usiku wonse. Poumitsa epoxy pamafunika mota ina ya 10 rpm, kapena pule yaikulu ku ndodo ndi yaing'ono ku mota. Posema chigwiriro cha mtengo kapena cha cork, mamota amenewa ndi ochedwa kwambiri. Ntchito imeneyo imafuna liwiro la 1000 rpm kapena kuposerapo, ndipo drill yomangirira pa thabwa imaichita bwino.

Tsopano swichi, imene ndi chilema chachikulu cha kabokosika. Ndi yopepuka, ndipo chala chikadina mwamphamvu pang'ono imachoka pa I n'kukafika pa II osaima pa O. Mota ikamazungulira imapanganso magetsi akeake otsutsana ndi a batire, ndipo ndi amenewo amene amachepetsa ma amp amene imakoka. Mukaitembenuza ikuthamanga, magetsi akewo amaphatikizana ndi a batire, koyilo imalandira pafupifupi 24V m'malo mwa 12V, ndipo kwa kanthawi imakoka pafupifupi kawiri ma amp amene imakoka ikagwidwa osazungulira. Mukatsegula swichi yotere itagwira ntchito kwa kanthawi, mupeza timikuwa tam'kati tada, tadyeka timaenje, ndipo pulasitiki yozungulira pini imodzi yafewa mpaka piniyo ikugwedera. Magetsi a DC amadya swichi kuposa a AC chifukwa moto wake suzima msanga timikuwa tikamalekana, choncho nambala ya ma amp yolembedwa pa swichiyo, imene ndi ya AC, isakunyengeni. Kugwedezeka komweko kumafikanso pa timagiya ndi pa ulusi umene mwaukhwimitsa.

Zizindikiro zake n'zosavuta kuwerenga. Mota ikamayenda mbali imodzi yokha, timikuwa ta mbali inayo tapsa. Ikamathamanga liwiro lonse osamvera voliyumu, transistor yafa ndipo ikungodutsitsa magetsi. Ikangoti zii koma fyuzi ili bwino, yang'anani kapasita ngati yafufuma pamwamba.

Mankhwala a swichi yofookayi ndi swichi yachitsulo yokankha, ya mapini 6, yolembedwa ON-OFF-ON, ya 10A kapena 15A, imene imaima zolimba pakati. Okonza mawailesi ndi amagetsi a galimoto amaidziwa. Swichi yobwera ndi kabokosi muisiye pa I, muimate ndi tepi kuti isasunthe. Yatsopanoyo muitembenuze kuti mapini akuyang'aneni, mizere iwiri ya mapini atatuatatu. Mzere wa kumanzere muwerenge 1, 2, 3 kuchokera pamwamba, wa kumanja 4, 5, 6. Mawaya awiri otuluka m'kabokosi apite pa 1 ndi pa 4. Dulani timawaya tiwiri tatifupi tokutidwa, kena kalumikize 1 ndi 6, kena 4 ndi 3, kuti tipingasane. Mawaya a mota apite pa mapini apakati, 2 ndi 5. Gwiritsani ntchito waya wa 1 kapena 1.5 mm², muwotcherere bwino, ndipo musanalumikize batire yesani ndi multimeter kuti 1 ndi 4 sizikugundana. Mukapeza kuti kukankhira swichi kutsogolo kukubweza ndodo m'mbuyo, sinthanitsani mawaya a mota okha. Ngakhale swichi ikhale yolimba chotani, kachitidwe kake ndi kamodzi: tsitsani voliyumu, imani pakati, ndodo iime, kenako rivesi.

Pali uphungu wina umene umamveka wanzeru koma pano ndi woononga, woti muwotcherere diode pa mapini awiri a mota kuti iteteze transistor. Pa mota yoyenda mbali imodzi n'zoona. Pa mota ya rivesi, diode yomweyo imasanduka njira yachidule ya magetsi mukangotembenuza, ndipo fyuzi kapena transistor imapsa. Diode yoteteza malo ake ndi pa bolodi, swichi isanafike. Ngati mota ikusokoneza wailesi, ikani kapasita yaing'ono ya ceramic yolembedwa 104 pa mapini a mota, chifukwa imeneyo ilibe pozitivu kapena negetivu.

Rivesi imamasulanso zimene zinamangidwa ndi mazinga. Chaki cha drill chopotokolera pa bawuti chimadzimanga chokha mota ikamapita kutsogolo, koma pa rivesi chimamasuka n'kugwa ndi ndodo yomwe. Nati ya pa shafiti ya wayipa imachitanso chimodzimodzi. Ikani nati yachiwiri yothinitsa, kapena gwiritsani ntchito cholumikizira cha kasikuluwu ka m'mbali, ndipo kasikuluwuko kakhale pa mbali yosemedwa ya shafiti, osati pozungulira. Chogwirira ndodo chabwino n'chosavuta kupanga: chivindikiro cha paipi ya PVC cha mamilimita 50, chobooledwa pakati kuti chilowe pa shafiti, ndi mphira ya chubu cha njinga yokokedwa pakamwa pake, yobooledwa kabowo kocheperapo kuposa tsinde la ndodo. Mphira imagwira mbali zonse ziwiri mofanana ndipo siiphwanya fibreglass kapena nsungwi monga amachitira mano a chaki.

Poumitsa epoxy

Apa mbali yozungulira ilibe kanthu. Chofunika n'chakuti ndodo isaime. Epoxy yopaka pa ulusi imasakanizidwa muyezo wofanana, mwachitsanzo mamililita 3 a botolo lina ndi 3 a linalo, poyeza ndi masirinji awiri osiyana, n'kutakasa pang'onopang'ono kwa mphindi zitatu kuti musalowe thovu. Musachepetse muyezo kwambiri pofuna kusunga, chifukwa pa madontho ochepa kulakwitsa pang'ono kumachititsa kuti ikhale yomata mpaka kalekale. Guluu wa epoxy wa mphindi 5 wa m'mahadiweya si wake wa ntchitoyi: amauma asanalowe mu ulusi ndipo amasanduka wachikasu padzuwa. Ndodo izungulire pakati pa 5 ndi 18 rpm kwa maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndipo isagwiridwe mpaka tsiku litatha.

Ikaima epoxy idakali yamadzi, zimaoneka msanga. Pamwamba pa mwendo wa kamphete pamayamba kuonekera mizere ya ulusi, pansi pake pakulendewera kamimba konyezimira, ndipo kakauma palibe chochita koma kupala ndi lezala n'kupakanso. Pa makina oumitsira, swichi yodina ya kabokosika ndi yoopsa pa chifukwa china: chigongono kapena mwana akangoigunda imapita pa O mwakachetechete. Ikhomereni kunsi kwa thabwa kumene dzanja silifika mwangozi.

Nyengo yathu imatalikitsa nthawi imeneyi. M'miyezi ya June ndi July chiperoni chikagwa, kuzizira kumalimbitsa epoxy m'botolo ndipo kumachedwetsa kuuma, moti maola asanu ndi limodzi amatha kufika asanu ndi atatu kapena kuposa. Chinyezi chimasiya pamwamba pake potuwa ndi poterera ngati pali mafuta. Fundutsani mabotolo m'madzi ofunda musanayeze, ndipo ndodo muivindikire ndi katoni yaitali yokhala ndi babu lofunditsa m'kati, lotalikirana ndi katoniyo. Siyani epoxy yotsala m'kachivindikiro pafupi ndi ndodo, kuti muziyesa imeneyo ndi kamtengo m'malo mogwira pa ndodo.

Maola ambiri chonchi ndi amene amachititsa kuti 12V ipose mamota a 230V. Magetsi akazima kamota ka microwave kamaima pomwepo, pamene kabokosika kali pa batire sikadziwa n'komwe kuti azima. Mota yaing'ono ya magiya yozunguza ndodo imakoka cha m'ma 0.2A. Kwa maola 8 imeneyo ndi 1.6Ah, ndipo batire la 7Ah, limene siliyenera kutsitsidwa kupitirira theka, limakwanitsa bwinobwino. Wayipa yokoka 2A kwa maola omwewo imafuna 16Ah, ndiye pamafunika batire la galimoto kapena la sola. Yezani mota yanu ndi multimeter pa 10A, ndodo ili pamakina, musanaidalire usiku wonse.

Chomaliza chimene opanga kabokosika anasiya ndi chotchingira. Bolodi lili pamtunda, ndipo m'chipinda chogwirira ntchito muli fumbi la nsungwi, madontho a epoxy ndi chinyezi chimene chimachititsa dzimbiri timasikuluwu. Fumbi la ndodo za carbon ndiye loipa kwambiri chifukwa limadutsitsa magetsi, ndipo likaunjikana pa bolodi limalumikiza njira zosayenera kugundana. Kaikeni m'kabokosi ka pulasitiki ka soketi ya pakhoma kokhala ndi chivindikiro chosabooka, mubowole pa voliyumu ndi pa swichi, ndiponso timabowo tinayi kapena tisanu kunsi kuti mpweya uzilowa. Mawaya muwamange mfundo m'kati asanatuluke, kuti akakokedwa asazuke pa timasikuluwu.